Pulogalamu imene imadzuka koyamba m'kompyuta

Kompyuta ikayatsidwa, mapulogalamu ake sadzukira pamodzi. M'makina oyendera Linux, phata la dongosolo lonse, lotchedwa kernel, limadzutsa pulogalamu imodzi yokha n'kuipatsa nambala 1. Dzina lake ndi init. Imeneyi ndiyo imadzutsa anzake onse, wolumikiza intaneti, wosunga mafayilo, wolandira anthu olowa, aliyense pa nthawi yake. Ikafa, makina onse amaima.

Asodzi a ku Salima sangavutike kumvetsa udindo woterewu. Pachilumba cha Mbenji palibe woponya ukonde nyengo yotseka isanathe. Onse amadikira kuti Mfumu Yaikulu Makanjira itsegule, ndipo malamulo a pachilumbapo amachokera kumpando womwewo. Kusintha init n'chimodzimodzi kusintha mwini ndondomeko, n'chifukwa chake nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa pakati pa akatswiri.

Kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito SysV init, yochokera ku Unix System V ya kampani ya AT&T ya mu 1983. Inkadzutsa mapulogalamu mmodzimmodzi potsatira timalangizo tolembedwa poyera, toti katswiri aliyense akhoza kutsegula, kuwerenga ndi kukonza. Koma inkachedwa, ndipo pulogalamu ikafera panjira, init sinkadziwa n'komwe. Ubuntu, umodzi mwa mitundu ya Linux, inayesa njira yakeyake yotchedwa Upstart mu 2006. Kenaka mu 2010 Lennart Poettering wa ku kampani ya Red Hat ndi Kay Sievers anatulutsa init yatsopano yotchedwa systemd, ndipo Fedora, mtundu wina wa Linux, inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011.

Ubwino wa systemd ndi woonekeratu. Imadzutsa mapulogalamu ambiri nthawi imodzi, choncho makina amayaka msanga. Imawayang'anira onse, ndipo ikauzidwa kutero imadzutsanso amene wagwa popanda kudikira munthu. Kuofesi yaing'ono ya kunyanja, kumene magetsi amathimathima ndipo katswiri amachokera kutali ngati ku Lilongwe, chimenechi si chinthu chochepa. Kaseva kosunga kaundula kamatha kudzuka kokha magetsi akabwera.

Zoopsa zake zimabisala pang'ono. Systemd sinakhutire ndi kudzutsa mapulogalamu. Inatenganso ntchito yosunga mbiri ya zochitika m'makina, yoyang'anira olowa, ngakhale zina za netiweki. Otsutsa amati katundu wochuluka chotere pamutu umodzi ndi ngozi, pakuti cholakwika chimodzi chimakhudza zambiri. Mbiri ija imasungidwa mwa njira yofuna chida chapadera, journalctl, kuti iwerengeke, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi fayilo yake ikhoza kuwonongeka. Mu Malichi 2024 Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa mu pulogalamu ya xz. Cholakwa sichinali cha systemd, komabe njira yofikira ku pulogalamu yolandira olowera patali inadutsa pa kachigawo kake, ndipo otsutsa anaona kuti mantha awo sanali a chabe.

Mkangano waukulu unachitikira ku Debian, mtundu winanso wa Linux. Mu Febuluwale 2014 komiti ya akatswiri asanu ndi atatu inagawanika pakati, anayi uku anayi uko, mpaka wapampando wake Bdale Garbee anagamula mokomera systemd. Ubuntu inasiya Upstart yake n'kutsatira mu 2015. Osakhutira a ku Debian anapatuka n'kuyambitsa Devuan, imene inatuluka mokhazikika mu 2017. Mitundu ina ili ndi init zina: Gentoo ndi Alpine zimadalira OpenRC, pamene Void imagwiritsa ntchito runit.

Kwa wosamala makina a sukulu, chipatala kapena bungwe la asodzi, kuthamanga kwa kuyaka si nkhani yaikulu. Masekondi ochepa sapindulitsa aliyense. Funso lenileni ndi lakuti makinawo akadzavuta usiku, ndani adzawakonze, ndipo iyeyo amadziwa njira iti. Popeza Debian, Ubuntu ndi Red Hat zonse zili pa systemd, akatswiri achinyamata ambiri amaphunzira imeneyo, ndipo malangizo opezeka pa intaneti amanena za iyo. Woikana amasenza yekha ntchito yosamala njira yake. Komabe makina akale amene akuyenda bwino sayenera kusinthidwa mothamanga. Timalangizo takale tolembedwa pamanja timayamba tayesedwa pa kompyuta ina yapambali, zosungidwa zonse zimakoperedwa kwina, ndipo kusinthako kumachitika pa nthawi imene ntchito yachepa, katswiri ali pomwepo.