Agogo akasiya kusesa pabwalo

Nyumba ya agogo aakazi imadziwika ndi bwalo losesedwa bwino komanso utsi wa m'mamawa. Koma tsiku lina mupeza zinyalala zili mbwee, mphika wa dzana uli chosatsuka, iwo ali ndi chitenje chomwecho sabata yonse. Achibale timangoti, "Aaa, ndi ukalamba umenewo." Chonsecho kudzitayirira kotere kawirikawiri kumakhala chizindikiro cha matenda ovutika maganizo, omwe amachizika.

Zimayamba pang'onopang'ono. Amuna awo anamwalira, ana ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndiye kuphika nsima ya munthu mmodzi amakuona kopanda phindu. Akamadya mopereweza, minofu imatha ndipo miyendo imafooka. Ndowa ya madzi kuchokera kumjigo imayamba kulemera, kusamba kumachepa. Ena mkodzo umawapulumuka, choncho manyazi amawaletsa kupita kutchalitchi ngakhale kumaliro. Akamabindikira, maganizo amakulirakulira, chilakolako cha chakudya n'kutheratu.

Madokotala amakayikira matendawa munthu akatha milungu iwiri kapena kuposa ali wokhumudwa, osasangalalanso ndi zomwe ankazikonda. Koma okalamba sanena msanga kuti ali ndi chisoni. Mumva akuti "thupi lonse likuphwanya", tulo sakupeza, kapena "bola ndingotsatira anzanga". Mawu omalizawa si oseka nawo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti gogo wodzipatula, wauve ndi wolankhula yekha ndi amene amanamiziridwa ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money zimathandiza, koma sizikhala nawo pamphasa. Pezani woti azidya nawo tsiku lililonse, chifukwa chakudya chimalowa bwino pagulu. Phala la nsinjiro, mazira, usipa ndi nyemba zimabwezeretsa mphamvu. Pitani nawo kuchipatala akayezedwe BP, shuga, magazi ndi maso, ndipo muwafotokozere adokotala za kusintha kwa khalidweko. Thandizo la matenda a maganizo limapezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Musawalandenso ntchito zonse poti akula. Kusenda nyemba, kutonola chimanga kapena kuyang'anira kamdzukulu kumawakumbutsa kuti pakhomopo akufunikabe.