Mabuleki a Motoka Yakale Yosinthidwa: Kuwazindikira ndi Kuwasamala

Mlimi akapeza kandalama pa soya, mtedza kapena tomato, maganizo ake sacedwa kufika pa motoka. Yatsopano sangaikwanitse, motero amagula yakale imene yapita m'manja ambiri. Pakati pa motoka zotere timapezabe zija za zitseko ziwiri zochedwa coupe, monga Datsun 1200 imene inayamba kupangidwa mu 1970 ndi Datsun 120Y imene inatsatira mu 1973. Zonsezi zimakankhidwa ndi mawilo akumbuyo. Mukasuzumira pansi muona citsulo cacitali, pulopushafuti, cocokera ku giyabokosi kukalowa mu difu pakati pa mawilo akumbuyo.

Motoka ya zaka pafupifupi 50 siikhala monga inatulukira ku fakitale. Wina anaikamo injini yaikulu, wina anasintha difu, wina anacotsa mpando wakumbuyo kuti alowetsemo matumba. Popeza Nissan 1400, imene inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, inacokera ku Datsun 1200, amakanika akhala akutenga zitsulo za imodzi kuika pa inzake kwa zaka zambiri. Cimene tifuna mugwire m'nkhani ino ndi ici: dzina lolembedwa kumbuyo kwa motoka silikuuzani mabuleki amene ali pansi pake. Muyenera kuwaona ndi maso, kuwapima ndi kuwalemba musanagule sipeya iliyonse.

Kuzindikira zimene muli nazo

Imikani motoka pamalo olimba ndi athyathyathya, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo amene atsala pansi, ndipo mukaikweza ndi jeke muikhazike pa zogwiriziza zacitsulo kapena pa zipika zolimba. Njerwa zimaphwanyika mosacenjeza, ndipo jeke yokha si yoikhulupirira munthu ali pansi.

Mukacotsa wilo muona cimodzi mwa ziwiri. Ngati pali mbale yacitsulo yoonekera, yopanidwa mbali imodzi ndi cipanga cochedwa kalipa, ameneyo ndi buleki wa disiki, ndipo copana cake ndi mapadi awiri. Ngati pali citsulo cotsekeka conga mphika wovundikira, ameneyo ndi buleki wa dilamu, ndipo mkati mwake muli mashuzi awiri opindika amene kasilinda kamawakankhira kunja. Motoka za nthawi ija zina zinatuluka ndi madilamu pa mawilo onse anai, zina ndi madisiki kutsogolo ndi madilamu kumbuyo. Cotsani mawilo onse, cifukwa zimacitika kuti kumanja kuli kalipa wa motoka ina ndipo kumanzere kuli wa inanso.

Tsopano pimani. Dilamu imapimidwa mkati, kucokera mbali ina kufika mbali ina: ya mainchi 8 ndi mamilimita 203, ya mainchi 9 ndi mamilimita 229. Pimaninso kupingasa kwa shuzi. Pa disiki pimani kukula kwake ndi kuchindikala kwake. Mukapala dzimbiri ndi bulashi ya waya, kawirikawiri mupeza zilembo: MIN TH pa disiki ndiwo malire a kupyapyala kwake, ndipo MAX DIA pa dilamu ndiwo malire a kukula kwa mkati mwake. Citsulo cimene capyola malire amenewa nchotaya, ngakhale cioneke cosalala.

Kenaka tsegulani boneti ndi kupeza masita silinda, imene ili patsogolo penipeni pa woyendetsa. Ngati ili ndi cipinda cimodzi ca mafuta cothandiza mawilo onse anai, paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse atha nthawi yomweyo. Ya zipinda ziwiri imagawa mafuta panjira ziwiri, kotero kuti ina ikadontha inzake imatsala. Amene motoka yake idakali ndi ya cipinda cimodzi acita bwino kufunsa makanika wodziwa za kuikamo ya ziwiri. Pa thupi la masita silinda pamakhalanso nambala ya kukula kwa pisitoni yake, monga 11/16, 3/4 kapena 7/8. Ilembeni.

Popita ku sitolo ya masipeya nyamulani padi kapena shuzi yakale, ndipo muigoneke pa yatsopano musanalipire. Safunsa anadya phula.

Pamene zosintha sizigwirizana

Walira mvula walira matope. Amene anaika injini yamphamvu anaitananso nchito yaikulu ya mabuleki, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti motoka iime umawirikiza kanai. Katundu nayenso amaonjeza: matumba asanu a fetereza ndi makilogalamu 250, ndipo kulemera konseko kumasanduka kutentha m'madilamu aang'ono amene anapangidwira banja lopita ku tauni. Matayala aatali kuposa oyamba amacepetsanso mphamvu ya buleki pa msewu.

Vuto lina limabwera pamene wina anaika madisiki kutsogolo koma anasiya masita silinda ya madilamu. Masita yotere kawirikawiri imakhala ndi kavavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, kamene madilamu amakafuna koma madisiki sakafuna. Zotsatira zake mapadi amakhala akukhuza disiki ulendo wonse, wilo limatentha ndipo mapadi amatha msanga. Masita ya pisitoni yocepa imacititsa pedulo kupita pansi kwambiri. Ya pisitoni yokula imaumitsa pedulo, koma motoka siima bwino ngakhale muponde ndi mphamvu.

Coopsa koposa ndi mabuleki akumbuyo opambana akutsogolo, monga zimakhalira difu ya motoka yaikulu ikabwera ndi madilamu ake. Mukaponda buleki kulemera kumathamangira kutsogolo ndipo kumbuyo kumapepuka. Mawilo akumbuyo akayamba kugwira n'kukhukhuluzika akutsogolo asanatero, motoka imazungulira n'kuyang'ana kumene yacokera. Ncifukwa cake motoka zambiri za madisiki kutsogolo zili ndi vavu yocepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Musalole munthu kuicotsa cabe cifukwa cakuti ikudontha; ikonzedwe kapena isinthidwe.

Mafuta a mabuleki

Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amamwa cinyezi ca mumpweya. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi pang'ono angathe kuwira pa madigiri 155. A DOT 3 amatsika kucoka pa 205 kufika pa 140. Mafuta akawira pamakhala nthunzi m'mapaipi, ndipo pedulo imagwa mpaka pansi popanda kugwira. Motero asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo acokere m'botolo losatsegulidwa. A DOT 5 ndi a mtundu wina, sasakanizidwa ndi enawa. Mafuta a injini, a giyabokosi, a haidiroliki ya thirakita kapena ophikira asalowemo ngakhale dontho limodzi, pakuti amatupitsa malabala onse a m'masilinda. Madzi a sopo amene ena amathiramo akasowa pogwira amadzimbiritsa masilinda ndipo amawira pa madigiri 100 okha.

Mafuta akamatsika m'kabotolo, afunefuneni kumene apita. Onani mkati mwa matayala ngati mwanyowa, pendani labala la kasilinda ka mu dilamu, ndipo gwirani pansi pa pedulo. Pindani mapaipi a labala: ong'aluka kapena otupa acotsedwe. Paipi yacitsulo yodzimbiriratu isinthidwe yonse. Kuiphwanya ndi hamala kuti wilo limodzi lisalandire mafuta ndi kuitana maliro.

Pocotsa mpweya m'mapaipi pafunika anthu awiri. Wina amapopa pedulo n'kuigwira pansi, wina amatsegula kanipo ka pa wilo n'kutsekanso pedulo isanabwerere. Kawirikawiri timayambira pa wilo lakutali ndi masita silinda n'kumalizira pa lapafupi, tikuonetsetsa kuti kabotolo sikauma.

Mawilo akumbuyo

Pa motoka yokankhidwa ndi mawilo akumbuyo, mafuta a difu amakhala pafupi kwambiri ndi mashuzi. Cowalekanitsa ndi silo imodzi kumapeto kwa ekiselo. Silo ikatha, mafuta akuda onunkha amalowa mu dilamu. Cimene cimaithetsa msanga ndi belingi yogwedera, kapena kabowo kopumira pamwamba pa ekiselo kakatsekeka ndi matope a m'dzinja. Shuzi yomwa mafuta siicira. Kuicapa ndi petulo kapena kuiwamba pamoto kumayeretsa pamwamba pokha, ndipo ikatentha mafuta amatulukanso. Sinthani silo, tsegulani kabowo, ndipo ikani mashuzi atsopano mbali zonse ziwiri.

Lamulo limeneli ndi la mawilo onse: mapadi ndi mashuzi amasinthidwa kumanja ndi kumanzere pamodzi. Mapadi asinthidwe akatsala mamilimita atatu, mashuzi akatsala awiri. Masulani mbali imodzi yokha kuti inzake ikuonetseni mmene masipuling'i amakhalira. Fumbi la mu dilamu musalipemerere ndi pakamwa kapena ndi pampu, cifukwa mashuzi akale ambiri anali ndi asbestos, amene amaononga mapapo. Lipukuteni ndi nsalu yonyowa.

Madilamu ambiri akale sadzikonza okha. Zungulizani cokonzera mpaka wilo ligwire, ndipo bwezani pang'onopang'ono kufikira lizungulire likukhuza pang'ono cabe. Mukatha apa mpamene mukoke waya wa handibuleki, osati musanatero.

Kuyesa musanalowe mumsewu

Injini ili yozima, pondani pedulo mwamphamvu kwa theka la mphindi. Ikamamira pang'onopang'ono, pali podontha kapena malabala a masita silinda atha. Ikakhala yofewa ngati siponji, muli mpweya. Ngati motoka ili ndi busita, ng'oma yakuda ija ili kumbuyo kwa masita silinda, popani pedulo kangapo, igwireni, ndipo lizani injini: pedulo iyenera kutsika pang'ono. Ikapanda kutsika, onani paipi yocokera ku injini.

Potsiriza pezani msewu wadothi wathyathyathya wopanda anthu ndi ziweto. Yendani pa liwiro la makilomita 30 pa ola, pondani buleki mwamphamvu, tsikani ndi kuwerenga mikwasa ya matayala. Iyenera kulingana kumanja ndi kumanzere, ndipo yakumbuyo isayambe yakutsogolo isanayambe. Motoka ikakokera kumanja, kawirikawiri wofooka ndi buleki wakumanzere. Yesaninso muli ndi katundu amene mumanyamula masiku onse.

Ngakhale mabuleki abwino amatopa pa mtsetse wautali monga uja wotsikira ku mlatho wa Luangwa pa Great East Road. Lowani giya yaing'ono musanayambe kutsika kuti injini ithandize kugwira, ndipo musatsike konse giya ili pa fili kapena injini yozima pofuna kusunga petulo. Mukamva fungo la kupsa, imani pambali mpaka mawilo azizire. Mukaoloka madzi, pondani buleki mopepuka kangapo kuti mashuzi aume.

Cikalata ca RTSA cimanena za tsiku limene motoka inapimidwa; masiku ena onse ali m'manja mwa mwini wake. Cotero tikupemphani kuti m'buku limene mumalembamo za mbeu ndi fetereza mupatule tsamba la motoka. Lembanipo mtundu wa buleki wa wilo lililonse, miyeso yonse, nambala ya masita silinda, motoka imene sipeya zake zinakwana, ndi tsiku limene munasintha mafuta. Onani kabotolo ka mafuta mlungu uliwonse, ndipo cotsani mawilo kawiri pacaka: mvula isanayambe, ndiponso musanayambe kututa zokolola kupita nazo ku msika.