MLANDU WA MPIRA PA DIEPSLOOT: WOLAKWA NDANI, MPHUNZITSI KAPENA ENI TIMU?

Kumpoto kwa Johannesburg, mzinda umene anthu a ku Malawi amangoti Joni, kuli mudzi waukulu wa anthu a nchito, dzina lace Diepsloot. Mudziwu unayamba m'caka ca 1995 monga malo ongoyembekezerapo anthu ocotsedwa kwina, koma pamene boma linawerenga anthu m'caka ca 2011 linapezamo oposa 138,000. Pakati pao pali Amalawi ambiri: ena osamala minda ya maluwa ku Fourways ndi ku Dainfern, ena ophika, ena omanga nyumba, ena alonda. Anthu amenewa amalawira kusanace ndi kubwerako dzuwa litalowa, ndipo cimene cimawasonkhanitsa pa Loweruka ndi pa Sabata ndico mpira wa pa kanema.

Mpira ukatha, mlandu umayamba. Kwa zaka 10, kucokera 2015 kufikira 2025, panali mlandu umodzi umene sunazime konse m'malo omwera, mometera tsitsi ndi pa mizere yodikira matekisi. Mlanduwo unali wa timu ya Kaizer Chiefs, ndipo funso lace linali ili: timu ikamagonja caka ndi caka, ayenera kucoka ndani, mphunzitsi kodi kapena amene anamlemba nchito?

Timu ya Mafumu

Kaizer Chiefs inayambitsidwa pa 7 January, 1970, ndi Bambo Kaizer Motaung, amene anasewerapo mu Orlando Pirates ndiponso mu Atlanta Chiefs ku America. Ocemerera ace amati Amakhosi, ndiko kunena kuti mafumu m'Cizulu, ndipo m'South Africa monse mulibe timu ina ya otsatira oculuka ngati iyo. Likulu lace lili ku Naturena, kumwera kwa mzinda, ndipo bwalo limene imasewerapo, la FNB, limalowa anthu oposa 90,000.

Amalawi ali ndi cifukwa caocao coikondera. Bambo Patrick Mabedi, amene anacokera ku Bullets ya ku Blantyre, anachinga kumbuyo kwa timuyi zaka zambiri nakhalanso kaputeni wace, ndipo m'masiku ace Chiefs inatenga ligi kawiri motsatana, mu 2004 ndi mu 2005. Tsono mnyamata wofika kumene kucokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, wosadziwa Cizulu kapena Cisutu, akabvala malaya acikasu ndi akuda aja sasowa pokhala, sasowanso woceza naye. M'mudzi umene alendo aonamo zoopsa, monga zinacitikira mu April 2022, cimeneco si cinthu caching'ono.

Usiku wa ku Durban

Mu 2015 Chiefs inatenga ligi pansi pa Bambo Stuart Baxter. Iwo atacoka, nchito inapatsidwa kwa Bambo Steve Komphela, munthu wodekha ndi wodziwa kulankhula, amene kale anali kaputeni wa timu ya dziko lao. M'caka cao coyamba anafika pa masewera otsiriza a zikho ziwiri, nagonja konse kuwiri, kwa Ajax Cape Town ndi kwa Mamelodi Sundowns. Zaka zitatu zinapita popanda cikho, ndipo mitima ya anthu inayamba kuwira.

Pa 21 April, 2018, pa bwalo la Moses Mabhida ku Durban, Chiefs inagonja 2-0 kwa Free State Stars pa masewera olowera ku mpikisano wotsiriza wa cikho ca Nedbank. Khamu la anthu linalumpha mpanda ndi kuthamangira m'bwalo, linaphwanya makina ojambulira, linayatsa moto pa mipando ndi kumenya mlonda mwa nkhanza, dziko lonse likuona pa kanema. Usiku womwewo Bambo Komphela anatula pansi udindo. Amene anatsiriza masewera otsala a caka cimeneco anali wothandiza wao, Bambo Mabedi yemwe uja.

Pambuyo pace aphunzitsi anangolowa ndi kuturuka monga alendo a pa nyumba ya maliro: Bambo Giovanni Solinas a ku Italy, Bambo Ernst Middendorp a ku Germany, Bambo Gavin Hunt, Bambo Baxter kaciwiri, Bambo Arthur Zwane, Bambo Molefi Ntseki, ndi Bambo Nasreddine Nabi a ku Tunisia. Powerenga ndi a Komphela omwe, akwana 8 m'zaka 10, osachula ogwirizira.

Amene Amatsutsa Mphunzitsi

Gulu loyamba pa Diepsloot limanena kuti mlandu uli poyera. Amene amasankha anyamata 11 olowa m'bwalo ndi mphunzitsi. Amene amalamula kasewerede ndi kusintha otopa ndi iye yemwe. Ndipo malipiro ace a mwezi umodzi mlonda sangawapeze ngakhale atagwira nchito zaka zingapo. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Umboni umene amaukonda ndiwo wa Bambo Middendorp. Mu May 2019 timu yao inagonja 1-0 pa masewera otsiriza a cikho ca Nedbank kwa TS Galaxy, timu imene panthawiyo inali m'ligi ya pansi. Caka cotsatira, cimene Chiefs inakwanitsa zaka 50, timu inatsogola ligi pafupi-fupi nyengo yonse. Koma pa tsiku lotsiriza, pa 5 September, 2020, inalepherana ndi Baroka 1-1, ndipo Sundowns inalanda cikho pakamwa. Gululi limafunsa kuti: ngati osewera anali okwanira kutsogola miyezi yonseyo, analephera bwanji tsiku limodzi? Eni timu sanalowe m'bwalo tsiku limenelo. Patangopita masiku owerengeka mphunzitsiyo anacotsedwa, ndipo kwa gulu ili cimeneco cinali cilungamo.

Amene Amatsutsa Eni Timu

Gulu laciwiri, limene muli akulu ambiri okhalitsa ku Joni, limayankha ndi fanizo locokera ku nchito yao. Mwini nyumba akakana kugula manyowa, akatseka madzi, nadzigulira yekha mbeu zosayenera nthaka, maluwa akafota amene amacotsedwa ndi wa m'munda. Abwera wina, maluwa afotanso, nayenso acotsedwa. Akafika wacisanu ndi citatu, munthu wanzeru amaleka kuyang'ana khasu, nayamba kuyang'ana pa khonde. Kodi Mtaliyana, Mjeremani, Mngerezi, Mtunisia ndi eni dziko anai, onsewo n'kukhala osadziwa mpira?

Nawonso ali ndi umboni wao. Bambo Tefu Mashamaite, amene anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'ligi mu 2015, anacoka caka comweco napita ku Sweden, timu itangotenga cikho. Mu 2018 Chiefs inatenga wosewera wa ku Madagascar, Andriamirado Andrianarimanana, wochuka ndi dzina loti Dax. Timu yace yakale, Fosa Juniors, inadandaula kuti sinalipidwe, ndipo mu 2020 bungwe la FIFA linaletsa Chiefs kulemba osewera atsopano nyengo ziwiri zogulira. Mapepala otere salemba mphunzitsi, amalemba a mu ofesi. Koma amene anasenza katunduyo ndi Bambo Hunt, munthu amene anali atatenga ligi kanai, katatu ndi SuperSport United ndi kamodzi ndi Bidvest Wits. Anafika mu September 2020 manja ali omangidwa, ndipo mu May 2021 anacotsedwa. Ndiponso Bambo Komphela, amene anthu anawathamangitsa ku Durban, analowa m'gulu la aphunzitsi a Sundowns mu 2020, nakatenga nawo ligi kumeneko.

Ulendo wa ku Naturena

Mu May 2021 ocemerera anayesa njira ina. M'malo moponya miyala, anayenda mwa mtendere kupita ku Naturena ndi kalata ya madandaulo, yonena za kagulidwe ka osewera ndi kayendetsedwe ka timu. Akulu a timu anailandira kalatayo mwa ulemu. Mwezi womwewo mphunzitsi anacotsedwa, ndipo caka comweco Bambo Kaizer Motaung Junior, mwana wa mwini timu amene kale anali wosewera, anapatsidwa udindo woyang'anira za masewera. Mkulu wao, Bambo Bobby Motaung, anali atakhala kale zaka zambiri monga manijala wa mpira, ndipo mlongo wao, Mai Jessica Motaung, anali mkulu wa za malonda.

Apa ndi pamene pagona mutu wa nkhani. Kaizer Chiefs ndi kampani ya banja. Wocemerera alibe voti, sangaitanitse msonkhano wa pa caka, ndipo sangacotse munthu mu ofesi. Mphunzitsi ali ndi womuweruza. Koma amene amasankha mphunzitsiyo amaweruzidwa ndi abale ace okha.

Oikira kumbuyo banjali sasowa mau. Amati Bambo Motaung anaimanga timuyi ndi manja ao m'masiku a tsankho, pamene munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala ndi kanthu, ndipo palibe amene angawaphunzitse kuikonda. Amakumbutsa kuti mu July 2021 timu yomweyo inafika pa masewera otsiriza a cikho ca matimu a mu Africa, ngakhale inagonja 3-0 kwa Al Ahly ya ku Egypt mu mzinda wa Casablanca. Amanenanso kuti Sundowns, imene inatenga ligi zaka 8 motsatana kucokera 2018 kufikira 2025, nayo ndi ya banja la a Motsepe. Koma otsutsa amayankha kuti bvuto si ubale ai. Bvuto ndi mpando umene wokhalapo sangacotsedwe ngakhale zitabvuta cotani. Amaloza ku Orlando Pirates, imene inasunga Bambo Jose Riveiro a ku Spain kucokera 2022 kufikira 2025, ndipo iwo anabweretsa zikho zisanu.

Pamene khomo la ofesi lili lotseka, mkwiyo umagwera amene ali pafupi. Bambo Ntseki, amene anapatsidwa nchito mu June 2023, anaturutsidwa m'bwalo kangapo apolisi atawachingira, anthu akuwaponyera mabotolo, ndipo mu October anali atacoka. Timu inalipira cindapusa, koma m'ofesi munakhala momwemo. Ndipo mu 2024 Chiefs inatsiriza pa nambala 10 mwa matimu 16, malo otsika kuposa onse cikhazikitsire ligi ya PSL mu 1996. Akulu a pa Diepsloot amacenjeza anyamata kuti botolo silinagoletsepo cigoli, ndi kuti mwini dziko akagwidwa pa cipolowe amakalipira ku khoti n'kubwerera kwao, koma mlendo amene mapepala ace sali bwino amakathera ku Lindela, kudikira basi yomubwezera ku Mwanza. Cida ceniceni ca wocemerera ndi thumba lace: iye ndiye amagula malaya, tikiti ndi ulendo wodutsa mzinda wonse kukafika ku FNB, ndipo mipando yopanda anthu eni timu amaiwerenga msanga koposa kalata.

Phunziro Locokera Kwao

Mlanduwu ukafika apa, Amalawi amakumbuka za kumudzi. Kale Bullets ndi Wanderers anali matimu a anthu, ndipo ocemerera anali ndi mau posankha akomiti. Mphamvu imene a Chiefs amaisirira, iwo anali nayo. Koma amene anaona masiku amenewo amakumbukanso kukangana pa ndalama za pa cipata, akomiti ocotsedwa ndi khamu, ndi osewera okhala miyezi osalandira. Pofika 2018 Bullets inali m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing. Inasunga mphunzitsi mmodzi, Bambo Kalisto Pasuwa a ku Zimbabwe, ndipo inatenga ligi kasanu motsatana kufikira 2023. Wanderers nayo inasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi Bambo Thomson Mpinganjira.

Cotero mbali zonse ziwiri zimapezapo pogwira. Ena amati taonani, khamu silingayendetse timu. Ena amati taonani, eni ace akasankha bwino ndi kudekha, mphunzitsi amabala zipatso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cikho Cinabwera, Mlandu Sunathe

Pa 10 May, 2025, pa bwalo lomwe lija la Moses Mabhida, pamene panayaka moto mu 2018 ndi pamene TS Galaxy inawacititsa manyazi mu 2019, Chiefs inagonjetsa Orlando Pirates 2-1 ndi kutenga cikho ca Nedbank. Gaston Sirino anagoletsa coyamba pa penate, Evidence Makgopa anabweza, ndipo kaputeni Yusuf Maart anagoletsa copambanira masewera ali pafupi kutha. Cilala ca zaka 10 cinatha, ndipo amuna amene anafika ku Joni ali anyamata anaona timu yao ikunyamula cikho ali ndi ana a sukulu.

Koma cimwemwe sicinafafanize mawerengero. Nyengo yomweyo timu inatsiriza pa nambala 9 m'ligi, ndipo caka ca 2025 cisanathe Bambo Nabi, amene anathetsa cilalaco, anali atasiyana nayo. Amene amatsutsa mphunzitsi anati cikho cimodzi sicibisa ligi yoipa. Amene amatsutsa eni timu anati wa m'munda wacisanu ndi citatu wapita, pa khonde pali omwe aja. Akulu akale anati mlandu suola. Ndipo pa mzere wa matekisi pa Diepsloot, m'mamawa wa Lolemba, oweruza ace sasowa.