Tsiku Limodzi mu Mzinda wa Cape Town: Zimene Banja Lochokera ku Chintheche Lingaone

Anthu a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande, ku Chintheche ndi ku Bandawe mpaka ku Usisya, ndi anthu a maulendo kuyambira kale. Agogo awo ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena wapansi. Ena ankabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena anatchona osaonekanso. Masiku ano ambiri afika mpaka ku Cape Town, kumene amagwira ntchito za m'nyumba, zosamala maluwa ndi za m'mahotela, ndipo amakhala m'malo monga Masiphumelele, Imizamo Yethu, Capricorn ndi Dunoon.

Si zachilendonso kumva kuti mayi wakuti wapita kukaona amuna ake. Pasipoti ya Malawi imamulola kukhala mu South Africa masiku 30 popanda viza. Ulendo wake ndi wowawa, pakuti basi ya ku Johannesburg imagona panjira, ndipo kuchokera kumeneko kumatsalabe makilomita pafupifupi 1,400. Koma chomvetsa chisoni n'chakuti amayi ambiri akafika amangobindikira m'kachipinda, bambo ali ku ntchito kuyambira m'mamawa mpaka mdima, ndipo mwezi umatha osaona kanthu kupatula siteji ya minibasi ndi golosale. Anthu awiri amene akhala zaka ziwiri kapena zitatu akulankhulana pa foni pokha, kawirikawiri za ndalama ya sukulu ndi ya malata, amasiyananso asanachezepo momasuka. Tsono m'nkhani ino tifotokoza m'mene banja lotere lingagwiritsire ntchito tsiku limodzi lopuma kuona mzindawu, popanda kuwononga ndalama zimene ana akuyembekezera kumudzi.

Choyamba n'kusankha tsiku. Loweruka liposa Lamulungu, chifukwa malo ena osungiramo mbiri, monga District Six Museum, satsegula Lamulungu. Chachiwiri n'kuyang'ana mphepo, ndipo apa munthu wa kunyanja safunika kuphunzitsidwa. Monga msodzi wa ku Chintheche salowetsa bwato mwera ukakalipa, anthu a ku Cape Town nawonso ali ndi mphepo yawo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene amaitcha Cape Doctor. Kusiyana kwake n'kwakuti mwera wathu umaomba m'miyezi yozizira, pamene yawoyo imalimba m'miyezi yotentha, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Ikaomba, mtambo woyera umayala pamwamba pa phiri la Table Mountain ngati nsalu ya patebulo, ngolo zokwera phirilo zimaimitsidwa, ndipo nthawi zina maboti opita ku chilumba cha Robben Island sanyamuka. Wanzeru amayamba wayang'ana phiri asanatulutse ndalama.

Tiyerekeze kuti banja lathu likukhala ku Masiphumelele. Likwere minibasi mpaka ku Fish Hoek, ndipo kumeneko likwere sitima ya pamtunda. Njanji imeneyi imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kudzera ku Kalk Bay kumene kuli doko la asodzi, ndi ku Muizenberg, kotero kuti kuona malo kwayamba kale pa mtengo wa tikiti ya sitima. Amayi akhale ku windo la kudzanja lamanja.

Kuchokera pa siteshoni yaikulu, zambiri zofunika kuona zili pafupipafupi, zoyenda wapansi. Pakangopita mphindi zochepa munthu amafika pa bwalo la Grand Parade, moyang'anana ndi nyumba ya City Hall imene inamangidwa m'chaka cha 1905. Pa khonde la nyumba imeneyi ndi pamene Nelson Mandela analankhula kwa khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende, ndipo kuyambira 2018 pali chiboliboli chake pamalo omwewo. Alendo onse amajambulitsa pamenepa. Koma munthu wa ku Nkhata Bay ali ndi chifukwa china choimira pamenepo, chimene alendo a ku Ulaya sachidziwa, ndipo ndi msewu umene waimapo. Dzina lake ndi Darling Street.

M'chaka cha 1896, m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, munabadwa mwana wa fuko la a Muwamba amene dziko linadzam'dziwa ndi dzina lakuti Clements Kadalie. Anaphunzira ku Livingstonia, anaphunzitsako sukulu pang'ono, ndipo m'chaka cha 1915 anachoka kwawo kukafuna ntchito. Atadzera ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, anafika ku Cape Town m'chaka cha 1918. Iye mwini anasimba m'buku la mbiri ya moyo wake kuti tsiku lina akuyenda ndi anzake mu Darling Street, wapolisi wachizungu anam'kankha kum'chotsa m'kanjira ka oyenda pansi. Mzungu wina wandale, A. F. Batty, anaona zimenezi nayamba kucheza naye. Kudziwana kwawo kunabala bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU, limene linakhazikitsidwa mu Januwale 1919 ndi anthu 24 okha, ambiri mwa iwo ogwira ntchito padoko. Mu Disembala chaka chomwecho ogwira ntchito padoko ananyanyala ntchito kwa masabata awiri. Boma linayesa kum'pirikitsa m'dzikomo m'chaka cha 1920, koma silinathe. Pofika 1927 bungwelo linkanena kuti lili ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo panthawiyo panalibe bungwe lina la anthu akuda m'dzikomo lofanana nalo kukula. Pambuyo pake linasweka chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi kusayenda bwino kwa chuma, zimene Kadalie yemwe sangazembe mlandu wake. Anamwalira ku East London m'chaka cha 1951.

Bambo amene amadulira mabwana kapinga sabata yonse, nthawi zina n'kumatchedwa maina achipongwe m'minibasi chifukwa ndi mlendo, ayenera kuwauza akazi ake nkhani imeneyi ataima pamsewu womwewo. Kwa ife tikuona kuti mphindi khumi zimenezi ziposa zonse za tsikulo, ndipo salipira ngakhale senti.

Chakumapeto kwa bwaloli kuli linga la Castle of Good Hope, lomangidwa ndi Adatchi pakati pa 1666 ndi 1679. Kulionera panja n'kokwanira. Ndalama yolowera ndi bwino kuisungira District Six Museum mu Buitenkant Street, mtunda wochepa kuchokera pamenepo. District Six linali dera limene anthu a mitundu yosiyanasiyana ankakhalira limodzi. Pa 11 Febuluwale 1966 boma la tsankho linalamula kuti deralo likhale la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza, nyumba zawo n'kugumulidwa. Matchalitchi ndi mizikiti ingapo yokha ndiyo inatsala, kuphatikizapo tchalitchi cha Katolika cha Holy Cross. Nyumba yosungiramo mbiriyi inatsegulidwa m'chaka cha 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist, ndipo pansi pake anayalapo mapu aakulu pamene eni dera analembapo maina awo pamalo pamene panali nyumba zawo. Nkhani ya ku Chifira ifikanso muno, pakuti mdzukulu wa Kadalie, mayi Rhoda Kadalie, anabadwira ku District Six m'chaka cha 1953, ndipo m'nthawi ya Mandela anakhala mmodzi wa makomishonala a bungwe loona za ufulu wa anthu. Anamwalira m'chaka cha 2022.

Potuluka, banja likwezeke pang'ono mpaka mu Roeland Street, kumene kuli St Mary's Cathedral, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Tchalitchichi chinatsegulidwa m'chaka cha 1851, ndipo chinaperekedwa kwa Amayi Maria pokumbukira kuthawira kwawo ku Ejipito. Dzina limeneli munthu wokhala kuchilendo amalimva msanga. Zitseko zikakhala zotsegula, ndi malo abwino okhala pansi mwakachetechete miyendo isanatope.

Kuchokera apo pali munda wa Company's Garden, umene kulowa kwake n'kwaulere. Unayamba m'chaka cha 1652 pamene Jan van Riebeeck anatumidwa ndi kampani ya Adatchi kudzalima ndiwo zamasamba zodyetsa amalinyero a sitima zopita ku India ndi kupitirira. Mzinda wonsewu tinganene kuti unaphuka pa dimba. Lero muli mitengo ikuluikulu, mabenchi ndi agologolo osaopa anthu, ndipo ndi malo oyenera kumasulirapo kamba wochokera kunyumba, chifukwa chakudya cha m'malesitilanti a m'tauni chimadula. Muli chiboliboli cha Cecil Rhodes atatambasula dzanja kuloza kumpoto. Kumpoto kumene akulozako ndi kwathu komwe, pakuti kampani yake ndiyo inkapereka ndalama zothandizira boma la Harry Johnston m'zaka zoyamba za ulamuliro wa Angerezi m'dziko lathu kuyambira 1891.

Nthawi ikakwana 12 koloko pamamveka kuphulika kwakukulu. Bambo awachenjezeretu amayi, kuti asataye botolo la madzi. Ndi mzinga wa pa phiri la Signal Hill, umene umaombedwa masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Kale unkathandiza oyendetsa sitima za pamadzi kukonza mawotchi awo.

Kumunsi kwa mundawu kuli nyumba ziwiri zoyandikana. Ina ndi St George's Cathedral ya mpingo wa Anglican, kumene kunaikidwa phulusa la Arkiepiskopi Desmond Tutu mu Januwale 2022. Inayo ndi Slave Lodge, yomangidwa m'chaka cha 1679 kuti muzigona akapolo a kampani, amene ankatengedwa ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku zilumba za Indonesia. Ukapolo unathetsedwa kumeneko m'chaka cha 1834, ngakhale akapolowo anaumirizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Aliyense amene anamvapo za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga adzaona kuti nkhani yake ndi imodzi, nyanja zokha ndizo zosiyana.

Masana akapendeka pamafunika kusankha, chifukwa zonse sizingatheke. Robben Island, kumene Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, imadya pafupifupi maola anayi, matikiti ake amafunika kugulidwa masiku angapo zisanachitike, ndipo mlendo amalipira zambiri kuposa nzika. Ngolo ya pa chingwe yokwera Table Mountain, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1929, imafika pamwamba m'mphindi zisanu zokha ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse, koma mtengo wa anthu awiri ungathe kudya malipiro a masiku angapo. Phirilo ndi lalitali mamita 1,086. Ilipo njira ya wapansi yodzera ku Platteklip Gorge, yaulere, koma imatenga maola awiri kapena atatu ndipo si yoyamba madzulo kapena yoyenda anthu awiri okha.

Kwa banja la ndalama zochepa, ife tingasankhe doko la V&A Waterfront. Kulowa n'kwaulere, phiri limaoneka lonse, ndipo ndi doko lomwe lija limene anthu a Kadalie ananyanyalapo ntchito, ngakhale lero ladzaza ndi masitolo a anthu olemera. M'madzimo mumasambira nyama zooneka ngati akatumbu akuluakulu, zimene zimagona padzuwa osasamala za anthu. Amene akula ndi batala ndi usipa alaweko nsomba ya kumeneko yotchedwa snoek, koma asamale ndi minga yake yaitali, ndipo asayembekezere kondowole. Munthu wa ku Chintheche akafika pagombe amafuna kukhudza madzi, ndipo apa amayi adzadabwa kawiri: ndi amchere, komanso ndi ozizira ngati a m'firiji ngakhale m'nyengo yotentha, chifukwa mbali imeneyi ya nyanja ya Atlantic madzi ake amavumbuluka kuchokera pansi penipeni.

Pali zinthu ziwiri zosayenera kuiwalika. Pasipoti ikhale m'thumba la mkati pamodzi ndi foni, ndipo tsiku limene linadindidwa pachipata cha dziko liwerengedwe bwino, pakuti kuyambira 2014 munthu wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi kapena mpaka zisanu. Chinanso ndi dzuwa, limene limanyenga. Mu Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, pamene mu Juni limakhala litalowa 6 koloko isanakwane. Sitima za Loweruka ndi zochepa poyerekeza ndi za mkati mwa sabata, choncho pofika m'mawa muja bambo afunsiretu pa siteshoni nthawi ya sitima yomaliza yobwerera ku Fish Hoek.