Kodi Mlimi Adzaimika Kuti Njinga Yake m'Chipata?

Munthu wocokera ku Mtenguleni, ku Feni kapena ku Chiparamba akalowa m'Chipata m'mawa wa Loweruka, bvuto lake loyamba ndi la posiya njinga. Ku Msika wa Kapata ndi ku Down Shops mabasi, malole, magalimoto ang'onoang'ono, njinga zamoto ndi zopalasa zimalimbirana khwalala limodzi, ndipo amai ogulitsa tomato ndi repu amayala malonda ao m'mbali momwemo. Ici ndico cimacititsa makhansala, eni masitolo ndi amalonda kutsutsana za mmene pakati pa mzinda payenera kukonzedwera.

Bvuto limeneli lili ndi mbiri yake. Mzindawu, umene kale unali kuchedwa Fort Jameson, unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira caka ca 1911. Makwalala ake oyamba anadulidwa pa nthawi imene katundu anali kuyenda pamitu pa amtengatenga ndi pa ngolo. Kucokera pamenepo anthu aculuka, koma malo sanakule, pakuti mapiri anazinga mzinda.

M'caka ca 2010 njanji yocokera ku Mchinji inafika m'Chipata. Pa 24 February 2017, a Edgar Lungu, amene anali Mtsogoleri wa Dziko pa nthawiyo, analengeza kuti Chipata wakhala mzinda waukulu. Mu December 2022, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula cipata catsopano ca pa malire a Mwami. Zonsezi zinakoka malonda, ndipo malonda anakoka magalimoto. Mseu waukulu wocokera ku Lusaka umapyola m'kati mwa mzinda, ndipo miseu ya ku Lundazi ndi ku Mfuwe imathira magalimoto ake momwemo.

Pali maganizo atatu. Ena amati Khonsolo ipatule malo oimikapo magalimoto, ndipo ngati nthaka yacepa, imange nyumba yosanja, magalimoto pamwamba ndi masitolo pansi. Iwo amati woimika galimoto adzalipira, ndipo ndalamazo zidzathandiza kucotsa zinyalala ndi kukonza ngalande.

Ena amakana. Amati nyumba yotere imadya ndalama zambiri, ndipo ikamangidwa ndi ngongole, wobweza ngongoleyo ndi yense wolipira msonkho, ngakhale mai wogulitsa nshawa amene sadzagulapo galimoto. Amakumbutsanso kuti Chipata ndi mudzi wa njinga, mmene munali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo kufikira lero njinga ndiyo imanyamula makala, nkhuku, cimanga ndi odwala.

Gulu lacitatu limati coyamba ndi kupatutsa malole akuluakulu kuti asalowe pakati pa mzinda, kenaka kumanga misika ya denga, ya madzi ndi zimbudzi, ndi siteshoni ya mabasi yokwanira. Iwo amachula za ku Lusaka. Pamene kolera inabuka kumeneko m'zaka za 2017 ndi 2018, Boma linacotsa amalonda m'makwalala ndi kukweza cindapusa ca ogulitsa pa malo osaloledwa. Koma patapita nthawi ambiri anabwerera, cifukwa wamalonda amatsata pamene ogula apita.

Owerenga akumidzi asaganize kuti iyi ndi nkhani ya eni magalimoto okha. Msika ukasamutsidwira kutali ndi siteshoni, mlimi adzalipira wonyamula matumba kawiri. Pakasowa malo otetezeka osiyapo njinga, iye adzagulitsa ndiwo diso lili kumbuyo. Mzere umene wojambula mapu amalemba mu ofesi umafika m'thumba la munthu wa kumudzi.

Malamulo a dziko amapatsa anthu mau pa zimenezi. Lamulo la 2007 linaika misika ndi masiteshoni a mabasi m'manja mwa makhonsolo. Lamulo la 2015 la kakonzedwe ka mizinda ndi madera limafuna kuti anthu afunsidwe pamene Khonsolo ikulemba pulani ya citukuko. Lamulo la 2019 la maboma ang'ono linakhazikitsa makomiti a citukuko m'mawadi, mmene munthu wamba angapereke maganizo ake. Ndiponso m'caka ca 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zopempha za nchito zogwiritsa ndalamazi zimayambira m'makomiti omwewo.

Anthu a ku Chipangali ndi ku Kasenengwa, amene anapatsidwa maboma ao m'caka ca 2018, ali ndi makhonsolo ao-ao, koma msika wao waukulu ukali Chipata. Iwonso angatumize madandaulo ao kupyolera mwa makhansala, mafumu ndi makomiti a m'misika.

Akulu anati madzi akatayika saoleka. Simenti ikathiridwa, palibe angaisunthe. Cotero mlimi aliyense apite ku msonkhano wa wadi yake, ndipo afunse mafunso atatu: ndalama zidzacokera kuti, amalonda adzapita kuti pomanga, ndipo njinga idzaima pati?