NGALANDE ZACHEPA, MVULA YAKULA

Anthu a kuno ku Mulanje sasowa wowauza za mvula, pakuti dziko la m'tsinde mwa phiri lilandira mvula yambiri kuposa maboma ochuluka m'Malawi. Koma akuluakulu ali kunena kuti mvula ya masiku ano siikugwa monga kale. Ichedwa kuyamba, mwina ileka masabata awiri, ndipo pobwera igwa yonse pamodzi. Tidaona madzi osefukira mu Januwale 2015, kenaka anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023. Pa nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pa masiku anai okha.

Akatswiri a zanyengo afotokoza kuti dziko lapansi liri kutentha chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta, ndipo mpweya wotentha usenza chinyezi chambiri. Kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, chinyezicho chionjezeka magawo 7 pa 100, ndipo chitsika ngati mvula yamphamvu.

Tsono bvuto likula pa malo a malonda monga pa Boma, Chitakale, Limbuli ndi Nkando. Mvula ikagwa pa thengo, udzu ndi masamba zigwira madzi kufikira alowa pansi. Ikagwa pa malata, pa phula kapena pa bwalo la msika lopondedwa, madzi onse athamanga nthawi yomweyo. Aphunzitsi ayese samu iyi ndi ana: denga la mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 50, litaya malita 2,000, ndiwo madiramu 10. Nanga madenga 100? Madzi onsewo afuna njira, koma ngalande zambiri zidakumbidwa kale, masitolo ali owerengeka ndi mvula iri yofatsa.

Chotero pokonza ngalande sikukwanira kubwezera monga zidaliri. Ziyenera kukula, ndi kuwakidwa ndi miyala ndi simenti kuti m'mbali musagumuke. Makalavati a pansi pa mseu akule nawonso. Paipi yokula kawiri kukamwa kwake ipititsa madzi oposa kanai, ndipo siitsekeka msanga ndi zitsa. Pamene ngalande itsika phiri pafunika timakwerero ta miyala tochepetsa liwiro, ndipo kumapeto kwake kukhale miyala ndi udzu wa vetiva. Mapeto amenewa aiwalika kawirikawiri, ndipo inu a m'midzi ndinu mubvutika, popeza madzi a pa msika atuluka ndi ukali nakumba chigwembe m'munda mwa munthu amene alibe sitolo n'komwe. Amfumu ali ndi chifukwa chofunsira ku khonsolo kumene madziwo adzathire, nchito isanayambe.

Koma tinene zoona. Ngalande zambiri zitsekeka ndi majumbo, mabotolo, makoko a nanazi ndi zotsala za nzimbe zimene titayamo tokha. Ena amanga okala pamwamba peni peni pa ngalande, kotero kuti khasu silingalowemo. Ngalande yodzala mchenga kufika pakati yatsala theka.

Munthu asaganize kuti ngalande iletsa Napolo. Matope ndi miyala zimene zidatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, Phalombe akali gawo la Mulanje, kapena m'phiri la Soche kugwera Chilobwe mu 2023, palibe simenti ikadazigwira. Kumeneko chithandizo ndi kusiya mitengo m'phiri, kusamanga m'khwawa, ndi kusamuka chenjezo likamveka pa wailesi.

Nthawi yabwino yokokolola ngalande ndi Seputembala ndi Okutobala, chizimalupsa chisanagwe. Mchenga wochotsedwamo utayidwe kutali, chifukwa ukaunjikidwa m'mphepete ubwereramo ndi mvula yoyamba.