Mtsinje umodzi, makhonsolo awiri: ndani akonza za minda ya Lilongwe?

Madzi amene amatuluka pa mpopi ku Area 25 kapena ku Kawale amayambira kutali, m'nkhalango ya Dzalanyama. Asanafike mumzinda amayenda mumtsinje wodutsa m'minda ya chimanga ndi fodya, n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lomangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989. Mlimi wa kumtundako akalima mpaka m'gombe, mvula imakokolola dothi lake n'kukalitaya m'damu. Iye watsala ndi munda woguga, bungwe la Lilongwe Water Board latsala ndi matope.

Nkhani imavuta poti madamuwa ali m'dera la khonsolo ya boma la Lilongwe, pomwe ambiri akumwa madziwo ali pansi pa khonsolo ya mzinda. Khonsolo iliyonse ili ndi makhansala ake, ndalama zake ndi mapulani ake, koma mtsinjewo ndi umodzi.

Malamulo alipo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linati dziko lonse, midzi yomwe, likhale ndi dongosolo la kagwiritsidwe ntchito ka malo. Chaka chomwecho lamulo la malo a mafumu linakhazikitsa makomiti a malo m'dera la gulupu aliyense: gulupu ndiye wapampando, ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu, ndipo atatu mwa iwo, kapena kuposerapo, ayenera kukhala amayi. Komiti yotereyi ikhoza kugwirizana kuti apa ndi munda, apa ndi dambo lodyetsera ziweto, apa ndi nkhalango ya mudzi, apa m'mbali mwa mtsinje khasu lisafike.

Koma kujambula mapu n'kosavuta. Chovuta n'chakuti malire aliwonse amakhudza mphika wa wina. Ukaletsa dimba m'gombe osakumba chitsime kapena kubweretsa mthirira chapatali pang'ono, tomato ndi mpiru wa ku msika wa Tsoka achokera kuti, ndipo wolimayo adya chiyani? Ukathamangitsa ootcha makala ku Dzalanyama, monga anachitira asilikali kuyambira 2015, mbaula za mumzinda zikadayakabe, makalawo angosintha njira. N'chifukwa chake mlangizi wa zaulimi, wa zankhalango, wa zamadzi ndi wokonza mapulani a mzinda ayenera kukhala pa mkeka umodzi asanalembe kalikonse, m'malo moti aliyense azipita kumudzi tsiku lakelake ndi uthenga wakewake.

Mumzinda mwenimwenimo muli zina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318, ndipo ambiri mwa iwo khasu sanalisiye: chimanga chimamera m'mbali mwa misewu, m'mapuloti osamangidwa ndi m'madambo a mtsinje wa Lingadzi. Madambowa ndiwo ankamwa madzi a mvula. Atadzaza nyumba, njerwa zoumba ndi maenje a mchenga, madzi anasowa kolowera, ndipo anthu a ku Mtandire sanaiwale momwe Lingadzi anasefukira mu Febuluwale 2017.

Kulima kwa m'tauniku sikudzatha ndi chiletso. Khonsolo ya mzinda ikadachita bwino kupatula malo odziwika a madimba, kuika malire ndi gombe, kubzala vetiva ndi nsungwi, ndi kusandutsa zinyalala za m'misika manyowa a alimi omwewo. Za kumtunda nazo n'zofunika ndalama: gawo lina la bilu ya madzi ya mumzinda liyenera kumafika kwa mlimi wa ku Malingunde amene wakonza akalozera m'munda mwake ndi kusiya gombe kuti limere mitengo.